Nangula wa Agogo

"Ndati zulani nangula wanuyo, bambo. Mwandiyandikira kwambiri."

"Nyanjayi munagula? Tandionetseni lisiti."

"Ndinayamba kufika ndine. Lamulo mukulidziwa."

"Munafika liti inu? Dzulo? Ine pano ndinayamba kufikapo ndili m'thewera."

Oyankha chonchowo anali adadi, a Gil Medeiros, ataimirira kumbuyo kwa boti lathu, dzanja lina lili pachiwongolero, lina likuloza m'madzi ngati pali dzina lawo lolembedwa pansipo. Winayo anali bambo wamtali wa kabudula wofiirira, mwini boti loyera mbee, lalitali pafupifupi kawiri kuposa lathu. Dzina lake ndinalidziwa pambuyo pake: Whit Pruett. Ine ndinali kutsogolo, nditagwada, manja akuwotcha chifukwa cha chingwe cha nangula chimene ndinali nditangochimanga.

Dziwe Lamchere, malo okochezapo maboti pachilumba cha Block, linali litadzaza monga limadzazira mu Julaye. Milongoti inali nganganga ngati nkhalango yoyoyoka masamba, wailesi zikulira paliponse, fungo la nyama yowotcha likudutsa pamadzi. Malo ena analipo ndithu, chauko kufupi ndi mchenga. Koma adadi malo ena sawadziwa. Pakona imene tinaimayo, moyang'anizana ndi nyumba ya denga lobiriwira, ndi pamene agogo aamuna ankaima chaka chilichonse, ndipo ndi pamene tinamwaza phulusa lawo atamwalira. Chaka ndi chaka adadi amaponya nangula wa agogo pomwepo, n'kutsanulira kapu ya vinyo m'madzi, kenako tchuthi chimayamba.

Lamulo lake aliyense amalidziwa, ngakhale mwana: woyamba kuponya nangula ndiye mwini malo, wobwera pambuyo akaona kuti wapanikiza mnzake amazula n'kusuntha. Adadi analidziwa bwino, anandiphunzitsa ndi iwo omwe. Koma tsiku limenelo anali kulankhula ngati agogo anaponya nangula kalekale ndipo sanazulidwebe.

Pruett ananenanso zina zoona. Iye anali pa unyolo wokhawokha, wolemera, ndiye boti lake silinkayendayenda. Ife tinali pa chingwe chachitali, ndipo mphepo ikatembenuka boti lathu limazungulira ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Ananena kuti mphepo ya masana ikadzuka tidzagundana. Adadi anamuuza kuti munthu wogula boti pa intaneti asawaphunzitse za mphepo. Kenako anatsegula vinyo, n'kutsanula pang'onopang'ono, maso ali pa Pruett.

Ine za agogo sindinali nazo mtima tsiku limenelo, Mulungu andikhululukire. Maso anga anali kudoko, kumene chombo chakuda cha milongoti iwiri chinakocheza. Mmenemo munali Ansel.

Ansel ndinakumana naye mu Epulo kwathu ku New Bedford, chombo chawocho chili pokonzedwa. Ndinkagulitsa mandasi a shuga m'shopu ya azakhali ndikaweruka kusukulu, ndipo iye ankabwera m'mawa uliwonse wa Loweruka, zala zili phula lokhalokha, kugula awiri n'kudya atatu. Ankakamba za zilumba za ku Maine, za nkhungu imene imatseka dziko lonse mpaka umangomva belu, za anamgumi opumira pafupi ndi chombo mpaka fungo lawo kukufika. Ndinkapita kunyumba ndili ndi shuga m'tsitsi ndi nyanja m'mutu. Mayeso omaliza ndinalemba thupi lokha, mzimu uli pamlongoti.

Sabata ya ulendo wathuwu wophika wa m'chombomo anasiya ntchito. Woyendetsa chombo, Mayi Tollefsen, anauza Ansel kuti ngati mtsikana wa mandasi uja angapezeke padoko la pachilumbapo madzi a m'nyanja asanayambe kuphwera masana a tsiku limene tinafikalo, malo ndi ake. Akachedwa, atenga wina kutsogoloko. Chikwama changa chinali kale pansi pa bedi m'boti, nditachiphimba ndi majekete. Adadi ankadziwa zoti mu Seputembala ndikuyamba sukulu ya unamwino ku Fall River. Anali atauza kale anthu onse akutchalitchi, ndi wometa tsitsi yemwe.

Ndinali nditakonza zowauza tili panjira. Ndinalephera. Ndinati ndiwauza akatha kutsanula vinyo. Koma mmene ankatha n'kuti nkhope yawo ili gwa.

Ndinangopempha kaboti kathu kamphira kuti ndikagule ayezi kumtunda. Anakana. Anati pasachoke munthu, chifukwa mbava ya kabudula wofiira ija ikhoza kutimasula tikangotembenuka. Anatulutsa soseji ndi buledi, n'kukhala moyang'ana boti loyeralo, akutafuna ngati akutafuna mwini wake.

"Idya, Celina. Ukuyang'ana chiyani kumeneko?"

"Palibe, adadi."

"Ayezi sathawa."

Foni inanjenjemera m'thumba. Sindinaitulutse. Ndinkadziwa kale kuti ndi Ansel, akufunsa kuti ndili pati.

Mphepo ya masana pachilumbapo sipempha odi. Mbendera zimene zinali lende zinayamba kugwedezeka, madzi anada chakumadzulo, ndipo maboti onse m'dziwemo anayamba kutembenuka limodzi. Lathu linatembenuka mothamanga kuposa onse. Ndinaona mbali yoyera ya boti la Pruett ikukula, ikubwera, mpaka ndinatha kudziona nkhope m'penti yake.

Ndinathamangira mipira yotchingira m'mbali, koma ndinangokwanitsa kuponya umodzi. Tinagunda. Phokoso lake linali ngati la fupa. Mbale ya soseji inagwa, vinyo anatayikira pamiyendo ya adadi, ndipo chitsulo cha kumbuyo kwathu chinakanda penti ija mzere wautali wakuda.

Pruett anatuluka m'kati ali ndi kapu m'manja. Anayang'ana mzerewo nthawi yaitali. Kenako anawaponyera adadi kapuyo, inawaphonya, n'kusweka pachiwongolero.

Adadi anatola ngowe, ndodo ija ya chitsulo kumapeto imene timakokera zingwe. Ndikhulupirira kuti poyamba ankangofuna kukankha botilo. Koma anakankhira pawindo, windo n'kung'aluka. Pruett anagwira mbali ina ya ngoweyo. Anayamba kulimbirana, amuna awiri aimvi, wina uku wina uko, pakati pawo pali madzi amene ankatseguka ndi kutsekeka maboti akamagundana. Pruett anawatchula adadi kuti msodzi wonunkha, n'kuwauza kuti abwerere kwawo kumene anachokera. Adadi anabadwira m'chipatala cha ku New Bedford komweko. Anamuyankha za amayi ake, m'Chipwitikizi, chinenero cha agogo, ndipo ngakhale Pruett sanamve mawuwo, tanthauzo analimva.

Pruett anasiya ngowe mwadzidzidzi, adadi n'kudzandira chagada. Mmene ankadzuka n'kuti iye atatola chitsulo chopukusira zingwe za matanga. Anawerama pamwamba pa waya wa m'mbali n'kuwamenya nacho pamwamba pa diso.

Sindinaonepo magazi akutuluka choncho. Anatsika ngati katani, kutseka theka la nkhope, kulowa m'kamwa, kudontha pamalaya awo a tchuthi a zinanazi. Ndinakuwa kuti adadi, koma sanandimve. Anapukuta diso ndi mkono, n'kuponda pa waya.

Pa nyanja sukwera boti la munthu osapempha. Ngakhale mnzako wapamtima, umagogoda kaye m'mbali n'kudikira akuuze kuti kwera. Adadi anandimenyapo kambama ndili wamng'ono chifukwa cha zimenezi. Tsiku limenelo analumphira m'boti la Pruett ndi nsapato zomwe.

Anagwera limodzi pamipando yoyera ija. Ndinaona chibakera cha adadi chikukwera ndi kutsika, chibakera cha munthu amene wakhala akuwotcherera zitsulo moyo wake wonse. Ndinamva mphuno ya Pruett ikuphwanyika. Mkazi wake, Corinne, anatulukira pakhomo la m'kati atavala chovala chosambira, buku lili m'manja, ndipo anayamba kuwamenya adadi nalo kumsana, akulira kuti amusiye, amupha. Pruett anawaluma adadi padzanja. Adadi anamugwira tsitsi n'kumumenyetsa mutu patebulo. Mipando yonse inali itafiira, ndipo sunkadziwa kuti magazi ndi a ndani.

M'maboti oyandikana anthu anali ataimirira. Ena anakweza mafoni. Mnyamata wina wamowa ankaimba lipenga la mpweya ngati ali kumpira. Ndinamva mawu a mayi wina pa wailesi akuitana mkulu wa padoko mobwerezabwereza.

Nanga ine? Ndinali nditaima ndi mpira wotchingira m'manja, ndipo ndinacheukira kudoko. Thanga loyamba la chombo chakuda linali likukwera.

Nditabweza maso, anali ataimirira onse awiri, atagwirana pakhosi, akudzandira chakumbali. Pruett anawaponda adadi pabondo. Waya unawagwira kumbuyo kwa miyendo. Adadi anagwa chagada, pakati pa maboti awiriwo, ndipo madzi anawameza.

Anatumphuka pomwepo, m'kampata kaja. Mphepo inali ikukankha boti lathu, ndipo chingwe chathu chinali chitakolana ndi unyolo wa Pruett pansi pa madzi, moti maboti sakanatha kusiyana. Ankatalikirana pang'ono, n'kubwereranso. Nthawi yoyamba mpira uja unalandira. Nthawi yachiwiri mpira unafinyika n'kulumphira m'mwamba, ndipo analandira ndi adadi, pachifuwa. Sanakuwe. Anangotulutsa mpweya, pakamwa pali yasa, maso ali pa ine.

Ndinagona chafufumimba n'kutambasula mkono kuti ndikankhe boti loyeralo. Corinne anandikalipira kuti ndichotse dzanja, lidzaduka. Ankanena zoona. Boti la matani ambiri sulikankha ndi dzanja la mtsikana wogulitsa mandasi. Pruett anali atakhala pansi, atagwira nkhope, magazi akutuluka pakati pa zala, osaona kanthu.

Mpeni wa buledi unali pansi pafupi ndi soseji. Ndinautola n'kuthamangira kutsogolo.

Chingwecho chinali chitakungika ngati chitsulo, chikulira pang'onopang'ono. Kunsi kwake, m'matope, kunali nangula amene agogo anabwera naye kuchokera pa boti lawo loyamba, amene adadi ankamupaka penti dzinja lililonse m'galaja. Ndinacheka. Mpeniwo unali wa mano, wobuntha, ndipo unkangolumpha. Kumbuyo ndinamva mabotiwo akugundananso. Ndinacheka ndi manja awiri, ndikutukwana mawu amene sindinkadziwa kuti ndimawadziwa. Ulusi unayamba kuduka umodziumodzi, kenako chonse chinaphulika. Nsonga yake inandikwapula patsaya ngati chikoti n'kulowa m'madzi.

Boti lathu linamasuka n'kuyamba kutengeka ndi mphepo. Mpata unatseguka. Adadi anali akuyandama pakati, dzanja limodzi likupalasa mofooka, madzi owazungulira ali ofiirira.

Ndinaliza injini. Inakana, ndinaitukwananso, inavomera. Ndinazungulira pakati pa maboti a anthu, wina akundiuza kumanja, wina kumanzere, onse akatswiri. Mmene ndinkafika n'kuti Corinne atalumphira kale m'madzi, atawagwira adadi kolala, akuwakokera kumakwerero a kumbuyo kwathu. Tinawakweza awirife, iye akukankha pansi, ine ndikukoka lamba. Anali olemera ngati thumba la simenti lonyowa. Pamene nthiti zawo zinakhudza m'mphepete, m'pamene anakuwa koyamba.

Corinne anakwera nawo. Sanapemphe, ndipo palibe anamufunsa. Anatenga thaulo langa n'kuwapanikiza nalo pachipumi, mutu wawo uli pamiyendo pake. Anandiuza kuti ndiyendetse kudoko, mwamuna wake abwera ndi boti la mkulu wa padoko, mphuno siipha munthu. Ananenanso, osayang'ana aliyense, kuti chaka chilichonse tchuthi chawo chimathera potere, ndipo iye ankafuna kupita kumapiri.

Njira ya kudoko ndi yomweyo yotulukira kunyanja yaikulu. Tinakumana ndi chombo cha Ansel pakati. Chombo chakuda chinali chitakweza matanga onse, chitapendekeka pang'ono, madzi akung'ambika kutsogolo kwake mwakachetechete. Sindinaonepo chinthu chokongola choncho, ndipo ndinadana nacho. Alendo okwera m'chombomo anali atakhala m'mbali ndi zipewa zawo, akutijambula. Ansel anali kutsogolo akukulunga chingwe. Anandiona. Anaona tsaya langa, anaona adadi ali gone, mayi wachilendo atawagwira mutu. Anakweza dzanja, kenako sanadziwe chochita nalo. Mayi Tollefsen anali pachiwongolero, maso kutsogolo, chifukwa mpata wotulukira ndi wopapatiza ndipo madzi anali atayamba kuphwera.

Sindinabayibitse. Manja onse anali pachiwongolero. Tinadutsana pafupi moti ndinamva fungo la phula ndi la anyezi amene wina, osati ine, anali kukazinga m'khitchini mwawo.

Padoko panali podzaza ndi anthu onyambita ayisikirimu. Anatipatukira. Galimoto ya odwala inatitengera kukachipatala ka pachilumbapo, kanyumba kamatabwa kamaluwa pakhomo. Anawasoka pachipumi, anawamanga dzanja lolumidwa lija, n'kutiuza kuti nthiti zingapo zathyoka koma mapapo ali bwino. Wapolisi anabwera ndi mafunso ake. Pruett anali m'chipinda china, ndipo tinkamumva kudzera pakhoma akulankhulira m'mphuno za maloya. Adadi anafunsa wapolisiyo ngati kuluma munthu n'kololedwa kwa anthu olemera okha. Wapolisi sanaseke. Anati onse awiri adzaitanidwa.

Atatuluka, tinatsala awiri. Dzuwa linali likadalipo, likulowera pawindo n'kugwera pamapazi awo. Anali atawavula malaya a zinanazi aja, ndipo ndinaona kuti tsitsi la pachifuwa pawo layera lonse. Sindinkadziwa. Namwino anali atandipaka mankhwala patsaya, ndipo pankanyerenyetsa.

"Wadula chingwe," anatero.

"Eya."

"Ndi mpeni wa buledi."

"Unalipo ndi womwewo."

Anafuna kuseka, nthiti zinawaletsa. Kenako anayamba kulankhula pang'onopang'ono, mpweya uli pang'ono. Anati nangula sanataike, malo ake akuwadziwa ngati m'thumba mwawo, mawa tipeza mnyamata wodziwa kumira akamutulutse. Anati amayi anga, amene anatsala kunyumba, tisawauze zonse, tingoti anaterereka. Anati manja anga sananjenjemere ngakhale pang'ono, aona okha, ndipo ku Fall River akandilandira ndi manja awiri, ndidzakhala namwino woposa uyu wawasoka ngati akusoka thumba la mbatata. Anati chaka chamawa tidzanyamuka kusanache, tidzafike pakona paja aliyense asanadzuke, tione ngati galu wina adzauwenso.

Ndinkayang'ana pawindo. Nyanja siinkaoneka, kunali denga la galaja ndi mbalame imodzi yoyera itatera pamenepo. 

"Wakhala ukuyang'ana kunja kuyambira m'mawa," anatero. "Kuli chiyani kunjako?"

Ndinaganiza zonena kuti palibe. Mawuwo anali kale pamlomo, ozolowera njira. Koma ndinali nditatopa, tsaya linkawawa, ndipo m'zikhadabo mwanga munali magazi awo.

"Chombo chakuda chija tadutsana nacho. Ndimayenera kukhala mmenemo, adadi. Anandipatsa ntchito yophika. Chikwama changa chili pansi pa bedi."

Anandiyang'ana ndi diso limodzi lotsegukalo.

"Nanga sukulu?"

"Sukulu ija mukuifuna ndinu. Ine magazi ndaona lero andikwana. Sindikufuna kudzafika pakona paja kusanache, chaka chamawa kapena chaka china chilichonse. Ndikufuna kupita kumene sitinapiteko. Ndikuperekezani kunyumba, ndikuthandizani mpaka nthitizo zigwirane. Zikagwirana ndikupita kukachisaka chombocho, ndipo akakandikana ndikakwera china. Ndikufuna mundilole. Koma ngakhale musandilole, adadi, ndikupita."